Odi wa a Martinho

Ku Ulongwe anthu ambiri amamudziwa Isaura ngati mayi wokonza matelefoni, ndipo iye analeka kalekale kuwatsutsa. Amabwera pakhomo pake ndi telefoni yogwera m'ndowa, ena ndi wailesi ya malemu agogo awo, ndipo tsiku lina kunafika bambo atanyamula simbi yositira. Zonsezi si ntchito yake. Amangowalandira, kuwapatsa mpando, kenako n'kuwalozera kwa amisiri a kumsika. Chimene anansi ake amaseka n'chakuti odi sathera m'kamwa pakhomo pamenepo. Mlendo akangoyamba kuomba m'manja, mayi watulukira kale, nthawi zina thovu la sopo lili m'manja. Anansiwo amati ndi phuma. Si phuma ayi, koma kuti mumvetse tiyambire patali.

Ntchito yake yeniyeni ndi yoti ukayamba kuifotokoza paukwati, womvera amakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya mbuzi zosamanga. Kampani ina ya ku Maputo imapanga timabokosi toyendetsa mamotobomba oyendera dzuwa, aja othirira madimba, ndipo Isaura ndi mmodzi wa olemba malamulo a m'kati mwake. Gawo lake ndi kenelo, pulogalamu ya pansi penipeni, imene mapulogalamu ena onse amapemphako akafuna kuchita chinthu.

M'kabokosi kotere mumakhala oganiza awiri. Wamkulu, prosesadori amene amanyamula keneloyo, ndiye mwini nyumba. Makiyi onse ali m'thumba mwake, a kutumiza uthenga pa rede, ndiye kuti netiweki ya matelefoni, a kusunga zinthu, a kuyatsa ndi kuzimitsa. Vuto lake ndi dyera. Amadya moto wa batire kwambiri, choncho nthawi zambiri amamugoneka tulo, n'kumangodzuka mwa apo ndi apo kuti aone ngati batire ili bwino. Pambali pake pali koprosesadori, kachipi kochepa ngati chikhadabo, kamene sikagona ndipo kamadya pang'ono, koma kalibe kiyi ngakhale imodzi. Kakaona kuti thanki yadzaza kapena chitsime chaphwa, pakokha sikangauze munthu. Kamaika pempho lake pamalo amene awiriwo amafikapo onse, kenako n'kuliza belu. Kenelo imadzuka, imaona ngati pempholo n'lololeka, imachita zimene yapemphedwa, n'kubweza yankho. Mpaka yankholo litabwera, kachipiko kamangodikira.

Isaura amagwira pakhomo pamenepo, pakati pa belu ndi yankho. Anzake ankamudziwa ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutopetsa: pempho lililonse liyankhidwe, ngakhale yankho lake likhale lakuti ayi. Kukana si mlandu, ankatero, mlandu ndi kusiya wopempha ali chiimire. Ku Maputo ankaganiza kuti zimenezi anaziwerenga m'mabuku a ku yunivesite. Akanawaona bambo ake akanadziwa kumene zinachokera.

A Martinho anabadwira m'mudzi wina wa kufupi ndi Fonte Boa, ndipo ali mnyamata anakagwira ntchito pa kantina, kasitolo ka Mpwitikizi wina ku Ulongwe, kukutchedwa Vila Coutinho masiku amenewo. Kumeneko wantchito ankagogoda kamodzi pa chitseko cha kuseri, chipewa chili m'manja, n'kudikira. Ena amati khalidwe lawo analitenga kumeneko, ena amati ayi, n'lakumtundu, amayi awo analinso choncho. Kaya. Chimene mudzi wonse unkadziwa n'chakuti a Martinho ankanena odi kamodzi kokha. Akafika pabwalo la munthu ankaomba m'manja, kunena odi wawo wapansipansi, ndipo kukakhala zii ankanyonyomala pafupi ndi nkhokwe mpaka wina atawaona. Ankati kuitana munthu kawiri n'kumunena kuti ndi gonthi, apo ayi ndi woipa mtima, ndipo iwo sankafuna kunamizira munthu chilichonse mwa ziwirizo.

Nkhondo itavuta anathawira ku Malawi ndi akazi awo a Albertina, n'kukakhala m'misasa ya kufupi ndi Dedza. Isaura anabadwira kumeneko, mng'ono wake Luísa naye chimodzimodzi. Nkhani imene a Albertina anafa akuisimba ndi ya tsiku limene anatuma amuna awo kukabwereka khasu kwa mayi wina wa m'mudzi woyandikana ndi misasayo. Kunja kunali mvula yamawawa. Mwini khasu anali kuseri akukonola, odi uja anamezedwa ndi mtondo, ndipo a Martinho ananyonyomala pabwalo mpaka chimanga chonse chinatha. Anabwera ndi khasu dzuwa litapendeka, ali chinyowere, chifuwa chitayamba kale. A Albertina anawakalipira mpaka mawu kusasa, koma eni ake anangoti mayi uja anapepesa kwambiri, ndipo anawapatsa ndi mbatata yomwe. Kwa iwo nkhaniyo inathera pabwino.

Mtendere utabwera anabwerera kwawo, n'kupeza nyumba ilibe denga, koma mitengo ya mapichesi imene anabzala kuseri ikubereka ngati palibe chinachitika. Anafolera, anatsegula dimba, n'kuyambanso kulima kachewere. Isaura ankayenda wapansi kupita kusukulu ya ku mishoni, mame akumunyowetsa mpaka m'maondo. Sanali mwana wochangamuka pakamwa. Anali wa mtundu uja woti ukamubwereka wotchi amaibweza ili m'zidutswa, ndipo wailesi ya bambo ake inaona zakuda m'manja mwake. Masamu ankawamwa ngati madzi. Atamaliza sekondale ku Ulongwe anapeza malo ku Beira, ndipo a Martinho anagulitsa ng'ombe imodzi ya pangolo osauza munthu. Chaka chimenecho kachewere anamututa pa njinga.

Ku Beira n'kumene anakumana ndi kenelo, ndipo sanaisiyenso. Ntchito inamutengera ku Maputo, kumene anakhala tebulo limodzi ndi Hermínio, mwana wa m'tauni, wolankhula ngati akuthamangira chapa, minibasi ija yosadikira munthu. Ankagwirizana pa zambiri, koma panali chimodzi chimene anakanganapo zaka. Hermínio ankafuna kuti kachipi kakaliza belu n'kuona kuti yankho likuchedwa, kazilizanso, ndi kulizanso, mpaka wamkulu adzuke. Isaura ankakana. Ankati kuliza kobwerezabwereza kumatha batire, komanso kumabisa ulesi wa kenelo, poti kenelo yolembedwa bwino imamva belu loyamba. “Yanga si gonthi,” ankatero, osadziwa kuti akulankhula ndi pakamwa pa bambo ake. Poti gawolo linali lake, zake n'zimene zinachitika. Timabokosi tinamwazikana m'madimba, ndipo palibe mlimi amene anadandaulapo.

A Albertina atayamba kudwala matenda awo otsiriza, a Martinho anakwera pachulu pamene rede inkagwira n'kumuimbira mwana wawo. Isaura anali pamsonkhano. Madzulo anaona kuti bambo anaimba, koma poti anaimba kamodzi anaganiza kuti ndi moni chabe, adzawaimbira Lamulungu. Lamulungu lisanafike anaimba ndi Luísa, akulira. Isaura anapeza anthu akuchokera kumanda. Kuti bambo ake asintha sanayembekezere n'komwe, choncho chimene anatolapo pa chisoni chimenecho chinali chakuti iyeyo azimva kuitana koyamba. Chaka cha mliri wa korona, maofesi atatsekedwa, ananyamula kompyuta yake n'kubwera ku Ulongwe, kumene kuli magetsi ndi rede, ndipo mliri utatha sanabwererenso. Panali mwamuna wina ku Maputo amene ankati amutsatira. Anabwera kamodzi mwezi wozizira, anagona atavala jekete, ndipo nkhani yake inathera pa siteji ya chapa.

Pamenepo n'kuti a Martinho atayamba kufooka. Kuchipatala anati ndi tensau, kuthamanga kwa magazi, n'kuwapatsa mapiritsi amene ankamwa akawakumbukira. Tsiku lina anagwa kudimba, ndipo anawatola ndi amayi odzatunga madzi, mwamwayi chabe. Isaura anawachonderera kuti asamukire kwa iye. Anakana mwaulemu, monga ankakanira chilichonse: ku Ulongwe akachita chiyani, kuwerenga machapa? Nanga mbuzi, nanga manda a akazi awo? Luísa ankakhala tsidya lina la mtsinje ndi mwamuna wake Celso, ndipo ankawabweretsera chakudya madzulo aliwonse, koma anali ndi minda ndi ana, sakanatha kukhala nawo pakhonde tsiku lonse. Mantha a Isaura anali amodzi, ndipo ankamusowetsa mtendere: kuti bambo ake adzagwa ali okha, n'kufa popanda wodziwa.

Ndiye anachita zimene ankadziwa. Anatenga kabokosi kamodzi ka motobomba n'kukasintha ntchito. Anakakhomera pakhoma m'chipinda cha bambo ake, pafupi ndi zenera la kuseri, painelo ya dzuwa n'kuiika padenga, waya wa rede n'kuukweza pansungwi yaitali. Kenako anatenga kabatani kochepa ngati chitsekerero cha botolo, kolankhula ndi kabokosiko popanda waya, n'kukamangirira pa chingwe cha m'khosi chimene a Martinho ankavalirapo mendulo ya Amayi Maria. Munthu akadina, kachipi kosagona kaja kankamva, n'kupempha kenelo kuti itumize uthenga ku telefoni ya Isaura ndi ya Luísa.

Tsiku lokhomeralo, bambo ake atakhala pamphasa kumuyang'ana, anayesa kuwafotokozera mmene zimayendera: za wamkulu wogona, za kang'ono kosagona, za belu. Aka kanali koyamba kuti munthu wa kwawo amvetsere mpaka kumapeto. A Martinho anafunsa chimene kang'onoko kamachita kakaliza belu lake, ndipo atamva kuti kamadikira osabwereza, anagwedeza mutu n'kunena kuti kameneko kadaleredwa bwino.

“Ababa, ine sindikupempha zambiri,” anatero Isaura atawaveka chingwecho. “Mukagwa, kapena mutu ukayamba kuzungulira, mudine apa. Basi.”

“Iwe uli pa nchito?”

“Ngakhale ndili pa nchito.”

A Martinho anakatembenuzatembenuza kabataniko ndi zala zawo zokakala. “Nanga ine ndidzadziwa bwanji kuti wamva, Zaura? Kanthuka kalibe pakamwa.”

Funsolo linamulasa mtima, chifukwa linali lamulo lake lomwe lija likumubwerera. Sabata yotsatira anabwera ndi kasipika, atajambula mawu ake. Tsopano kenelo ikatumiza uthenga inkayankha kachipi, ndipo kachipiko kankalankhulitsa kabokosi: “Ndamva, ababa, ndikubwera.” A Martinho anamvetsera, anapempha kuti mawuwo amvekenso, kenako anaomba m'manja moyang'ana khoma, monga munthu amathokozera akapatsidwa madzi.

“Ukamayankha chonchi,” anatero, “ndidzaitana.”

Isaura anakayesa kabataniko mpaka chala kuwawa: m'nyumba, kukhola, pansi pa mapichesi, mvula ikugwa, kunja kuli nkhungu. Luísa anadina, Celso anadina ngati akupha nsikidzi, ndipo nthawi zonse mawu ankabwera. Eni ake okha ndi amene sankadina. Mvula inagwa n'kutha, inabweranso n'kutha, kabatani kali lende pachifuwa pamodzi ndi Amayi Maria. Loweruka lililonse Isaura ankabwera pa njinga yamoto, kupukuta fumbi pa painelo, kuona kagetsi kobiriwira ka pakabokosi, n'kuwakumbutsa lonjezo lawo. Iwo ankati sanaiwale, kungoti palibe chimene chachitika choyenera kudzutsira munthu pampando. Telefoni yake inkakhala chagada patebulo, ngakhale kutchalitchi sankaizimitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire amayi ake mtima wake unakhala pansi.

Linali tsiku la pakati pa sabata, mwezi wa Juni, kukuzizira, mudzi wonse uli kuminda kukolola chimanga. Isaura anagwira ntchito yake monga mwa masiku onse, telefoni ili pafupi ndi dzanja lake, ndipo sinalire. Dzuwa litapendeka Luísa anawoloka mtsinje ndi mbale za bambo ake. Akali patali anamva mbuzi zikulira m'khola, zosatsekuliridwa chiyambire m'mawa, ndipo anayenda mofulumira. Anawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pansi, atatsamira khoma pansi pa zenera, chipewa chili pamaondo. Anali atatisiya. Celso atafika n'kuwagwira anati thupi linali lisanazizire kwenikweni.

Pafumbi panali mkukuluzi wochokera pakhola, pamene anagwera, mpaka pansi pa zenerapo. Amuna amene anasonkhana anauyang'ana n'kupukusa mitu. Njira ya kuchitsime imadutsa pafupi ndi khola, ndipo a Martinho akanakwawira kumeneko wina akanawaona ndithu. Koma iwo anakwawira kuseri, kumene sikudutsa munthu. Amunawo anagwirizana kuti atagwa mutu unasokonezeka.

Isaura anafika kusanade. Asanakhale n'komwe pansi anayang'ana telefoni yake, anayang'ana ya Luísa, kenako kabokosi pakhoma. Kagetsi kanali biriwiri, batire yodzaza, palibe cholakwika. Pamenepo chisoni chake chinasanduka mkwiyo. Bambo ake anakhala pafupifupi tsiku lathunthu ali moyo, kabatani kali pachifuwa, manja akugwira ntchito poti anakwawa nawo, koma osadina. Chikhalirecho anamulonjeza maso ndi maso. Amayi a pasiwa anaona kuti mwana wamkulu sakulira bwino, ndipo ananong'onezana kuti sukulu imaumitsa mtima. Sankadziwa kuti m'kati mwake ankakangana ndi mtembo. Kumanda, dothi likugwera pabokosi, Isaura anauza Luísa mawu amene amanong'oneza nawo bondo mpaka lero, akuti a Martinho anakonda ulemu wawo kuposa ana awo.

Mendulo a Martinho anapita nayo kumanda. Kabatani Celso anakamasula posambitsa thupi, n'kukaika pazenera.

Patatha sabata, misa yokumbukira malemu itachitika ndipo alendo atabalalika, ana awiriwo anatsala m'nyumba kuti asese ndi kulongedza. Unali m'mawa, dzuwa likulowera pakhomo. Anapinda mabulangete, anakung'untha mphasa, ndipo m'thumba la jekete anapezamo mapiritsi osamwa, zimene zinangowonjezera mkwiyo wa Isaura. Luísa anatola kabatani pazenera paja n'kufunsa ngati akasunge kapena akataye, ndipo popukuta fumbi ndi chitenje chala chake chinadina.

Kabokosi kanalankhula. “Ndamva, ababa, ndikubwera.”

Luísa anagwira pakamwa. Asanapume n'komwe mawu aja anabweranso, omwewo, osasintha: “Ndamva, ababa, ndikubwera.” Matelefoni onse awiri ananjenjemera, kenako n'kunjenjemeranso.

“Mana, ine ndadina kamodzi,” anatero Luísa kwa mkulu wake.

Isaura anatsegula telefoni yake. Mauthenga anali awiri. Wachiwiri unali wa m'mawa womwewo. Woyamba unali wa tsiku limene bambo awo anamwalira, nthawi yotsekulira mbuzi.

Sanafunike kompyuta kuti amvetse. Malamulowo analemba yekha, ndipo anawaona onse m'mutu mwake ali chiimire ndi tsache m'manja. M'mawa umene uja wamkulu anali atadzuka payekha kuti aone batire, ndipo atamaliza anayamba kugona. Popita kutuloko kenelo imayamba yatseka khutu logwirira ntchito, kenako n'kutsegula lina lomvera belu ili m'tulo. Pakati pa ziwirizo pamakhala kamphindi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, pamene makutu onse awiri amakhala otseka. A Martinho anadina pa kamphindi kameneko. Kachipi kanamva, kanaika pempho pamalo pake, kanaliza belu kamodzi monga kanaphunzitsidwira, n'kukhala pansi kudikira. Tsiku limenelo wamkulu anadzukanso kambirimbiri, ndi mawa lake, ndi tsiku la maliro, koma ankangoona batire n'kugonanso, chifukwa kenelo ya Isaura inkapita pakhomo pokhapokha yamva belu. Pempho linakhala pomwepo sabata yonse mpaka chala cha Luísa chinaliza belu lina.

M'madimba zoterezi ziyenera kuti zinkachitika ndithu, koma kumeneko kachipi sikasowa chonena. Belu limodzi likatayika, posakhalitsa kamabwera ndi pempho lina ndi belu lake, kenelo n'kuyankha onse awiri, mlimi osadziwa kanthu. Kuti vutolo lionekere panafunika kabokosi kodikira pempho limodzi lokha, ndi munthu wodina kamodzi kokha.

Kukonza kwake kunali kosavuta, ndipo n'zimene zimamuwawa koposa. Inali mizere yochepa chabe: kenelo iziyang'ana pakhomo nthawi iliyonse ikadzuka komanso isanagone, ndipo kachipi kakapanda kuyankhidwa kazilizanso mpaka kumveka. Anaitumiza ku Maputo mwezi womwewo. Hermínio, amene sanakhalepo chete pa chilichonse, anaivomereza osanena kanthu. Koma zimenezo zinachitika pambuyo pake. M'mawa uja m'chipinda munali ana awiri amasiye ndi kabokosi pakhoma, ndipo Luísa ankayang'ana nkhope ya mkulu wake.

“Ndiye kuti adaitana?”

“Adaitana.”

“Nanga osabwereza bwanji? Tsiku lonse, mana.”

Yankho lake onse awiri ankalidziwa. Kudinanso kukanakhala kumunena mwana wawo kuti ndi gonthi, apo ayi ndi woipa mtima. Mwana anati adzamva, ndipo iwo anamukhulupirira.

Anatsamiritsa tsache pakhoma n'kutuluka. Mkukuluzi uja unali utafufutika ndi mapazi a anthu a pamaliro, koma anayambira pakhola pomwepo n'kuyenda pang'onopang'ono, kudutsa mitengo ya mapichesi imene inali itayoyola masamba, mpaka kuseri kwa nyumba. Anakhala pansi pa zenera, n'kutsamira khoma pamalo pamene anawapeza. Pamalopo panali pozizira, dzuwa silifikapo mpaka masana. Anaitana Luísa pazenera n'kumuuza kuti adinenso.

“Ndamva, ababa, ndikubwera.”

Mawuwo anatuluka pazenera bwinobwino, ngati munthu waima pambali pake. Isaura anagwira pamimba n'kuyamba kulira maliro amene anawamana bambo ake sabata yonse, mpaka amayi a nyumba zapafupi anatuluka kuganiza kuti kwagwanso zovuta zina. A Martinho sanasokonezeke mutu. Anasankha malo abwino, poti pamenepo yankho likanabwera akanalimva.